Chigoba, Yunifolomu ndi Kazitape: Kuchokera M'makomiki Kufika ku Luangwa

Pamsewu wochokera ku Mfuwe kupita ku Chipata, masiku ena minibasi imaimitsidwa pamalo pamene dzulo lake panalibe chotchinga chilichonse. Apaulendo amatsika, katundu amatsitsidwa, ndipo galu wa pachingwe amayamba ntchito yake. Amanunkhiza thumba la mpunga, chikwama cha mwana wa sukulu, matayala, pansi pa mipando. Akafika pa katundu wina amangoti khale pansi, osauwa, maso ali kwa womugwira. Thumbalo likamasulidwa mumatuluka nyama yowamba ya njati, mwina zipolopolo, mwina mamba a ngaka. Anthu amagwira pakamwa, ena amayamikira galuyo, ena maskauti ovala zobiriwirawo. Koma ulendo ukayambiranso, m'minibasi mumakhala zii, chifukwa wamkulu aliyense akudzifunsa chamumtima: kodi anawatsina khutu ndani kuti aime pano lero, pa ola lino?

Munthu ameneyo simudzamuona pa chithunzi chilichonse. Alibe yunifolomu, alibe nambala pachifuwa, ndipo mwina wakhala nanu pampando womwewo. Ntchito ya tsiku limenelo yagwiridwa ndi anthu a mitundu iwiri: ena amene mphamvu yawo ili pa kuonekera, ndi wina amene moyo wake uli pa kusaonekera. Zodabwitsa n'zakuti olemba nthano za ngwazi za m'makomiki ku America akhala akulimbana ndi mitundu iwiri yomweyi kwa zaka pafupifupi 60, ndipo zimene anapeza zikutithandiza kumvetsa zochitika m'boma la Mambwe.

Komiki ndi buku limene nkhani yake imayenda ndi zithunzi zojambula pamanja, zoikidwa m'timabokosi, mawu a olankhula ali m'timabaluni totuluka pakamwa. Ngwazi yamphamvu zodabwitsa inabadwira m'mabuku otere m'chaka cha 1938, pamene Superman anaonekera koyamba mu Action Comics atanyamula galimoto m'mwamba. Pambuyo pake olemba anaona kuti ngwazi zikakhala gulu mabuku amayenda malonda, ndiye kunabwera Justice League mu 1960 ndi Avengers mu 1963. Chovala cha ngwazi zimenezi n'chofuula: chofiira, chabuluu, chinsalu chikuuluka kumsana, chizindikiro pachifuwa. Cholinga chake n'chakuti woipa akachiona patali achite mantha, wosauka akachiona alimbe mtima. Nkhope ikhoza kubisika, koma ntchito imachitika masana, anthu akuonerera. Kazitape ndiye wosiyana nazo kotheratu. Iye akadziwika ndiye kuti walephera, ndipo ntchito yake ikayenda bwino palibe amamuombera m'manja.

Chinasakaniza awiriwa ndi nyengo. Zaka za m'ma 1960 zinali za udani wa America ndi Soviet Union, nkhondo yosaomberana poyera koma yotumizirana akazitape. Filimu yoyamba ya James Bond inatuluka mu 1962 ndipo dziko linapenga nayo. A kampani ya makomiki ya Marvel sanafune kutsalira. Mu 1964 anatulutsa Black Widow, mayi wa ku Russia amene anayamba ngati kazitape wa adani n'kudzatembenuka pambuyo pake. Mu 1965 Stan Lee ndi Jack Kirby anatenga msilikali wawo wa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, Nick Fury, n'kumuika kukhala mkulu wa bungwe lachinsinsi la S.H.I.E.L.D., lolimbana ndi gulu lovala zigoba zobiriwira lotchedwa Hydra. Likulu la bungweli linali chisitima chachikulu choyandama m'mitambo, ndipo khomo lake lina ku New York linali shopu yometera tsitsi: munthu akhala pampando ngati wodzameta, mpando uja n'kumira naye pansi.

Wojambula amene anamvetsa bwino mtima wa nkhanizi ndi Jim Steranko. Mu 1968 anayamba buku lina la Nick Fury ndi masamba opanda mawu n'limodzi lomwe. Munthu akukwera khoma usiku, akudutsa chitseko, akuzemba mlonda, ndipo woliwerenga amapezeka wagwira mpweya ngati kuti akatsokomola amugwiritsa. M'mabuku amene ngwazi zinazolowera kulalikira kwinaku zikuponya zibakera, kukhala chete kumeneku kunali chinthu chatsopano.

Koma buku limene ine ndimaliika pamwamba pa onse a mtundu uwu ndi Suicide Squad ya John Ostrander, imene a kampani ina ya makomiki, DC, anayamba kutulutsa mu 1987. Muno boma limatenga zigawenga zamphamvu zodabwitsa m'ndende ya Belle Reve n'kuziuza kuti zikagwira ntchito yoopsa zidzachepetseredwa zaka. Wosadalirika amamumanga chibangili chophulika pamkono kuti asathawe. Akafera kuntchitoko, boma limakana kuti silimudziwa. Mwini gululi ndi Amanda Waller, mayi wachikuda wojintcha, wopanda mphamvu zamatsenga ngakhale pang'ono, amene chida chake ndi mafayelo, telefoni ndi kuuma mtima. Pa ulendo wina amatumiza gululo ku Soviet Union kukapulumutsa mayi wolemba mabuku amene anali m'manja mwa boma. Atafika anapeza kuti mayiyo sakufuna kupulumutsidwa. Anamutenga mokakamiza, ndipo anafera m'njira. Ostrander anali kufunsa funso limene makomiki akale ankalizemba: kodi ngwazi ikamagwira ntchito mumdima, amaituma ndani, ndipo ikalakwitsa imakayankha kwa yani?

Olemba a pambuyo pake anangopitiriza funsolo. Mu 1998 Christopher Priest anapatsa dziko lopeka la Wakanda apolisi achinsinsi otchedwa Hatut Zeraze, amene mfumu T'Challa, Black Panther uja, inawathamangitsa chifukwa cha nkhanza zawo, ngakhale iwo ankati zonse amachitira dziko. Mu 2010 Ed Brubaker anayambitsa Secret Avengers, mmene Captain America, ngwazi yovala mbendera ya dziko lake, anavula chovalacho n'kutsogolera gulu losalengezedwa.

Kwa Mchewa nkhani ya chigoba si yachilendo. Amene anaonapo gule wamkulu pa Kulamba ku Mkaika, m'boma la Katete, akudziwa kuti chilombo sichifunsidwa dzina. Za kudambwe sitizinena m'buku, ndipo sitiyamba lero. Chimene aliyense angaone poyera n'chakuti chilombo, kuopsa konse kuja, chili ndi mwini wake wodziwika. Sichituluka mwachisawawa. Pali mfumu ya mzinda imene yaloleza, pali akuluakulu amene angaitanidwe pabwalo zinthu zikalakwika. Nkhope yabisika, koma ulamuliro uli poyera. M'nkhani za Amanda Waller zili mozondoka: nthawi zina nkhope ya woponya chibakera imaoneka, koma amene wamutuma ndiye wavala chigoba.

Ku South Africa zimenezi zinachitika ndi komiki yeniyeni. Mu 1975 m'makomboni a anthu akuda munayamba kugulitsidwa buku la ngwazi yakuda yotchedwa Mighty Man, wapolisi amene analandira mphamvu zodabwitsa. Ankamenya akuba, ogulitsa chamba ndi zigawenga za m'misewu. Za chitupa, za apolisi othyola zitseko usiku, za tsankho lonse la boma, sanatsegulepo pakamwa. Zinadzaululika kuti ndalama zosindikizira mabukuwo zinkachokera mobisa ku dipatimenti ya zofalitsa nkhani ya boma la azungu lomwelo. Buku la ngwazi linali ntchito ya ukazitape palokha. Ana a ku Soweto sanapusitsike nthawi yaitali, ndipo zipolowe za 1976 zitachitika Mighty Man sanakhalitse.

Zambia inadzapeza gulu lakelake la ngwazi zachinsinsi patapita zaka zambiri, ndipo linabwera ngati katuni ya pakanema. Malenga Mulendema, mayi wa ku Lusaka, anakula akuonera makatuni pa TV n'kumadabwa kuti mulibe ngwazi yofanana naye. Mu 2015 nkhani yake inali imodzi mwa zisanu ndi zitatu zosankhidwa pa mpikisano wa kampani ya Triggerfish ya ku Cape Town. Netflix inalengeza mu 2019 kuti yaitenga, ndipo pa 20 July 2023 inatuluka ndi dzina lakuti Supa Team 4. Atsikana anayi a kusekondale, Komana, Monde, Temwe ndi Zee, amalembedwa ntchito ndi Mama K, gogo amene kale anali kazitape wa boma ndipo sanafune kukalamba atapinda manja. Masana ali m'kalasi, madzulo avala zigoba, makolo osadziwa kanthu. Mayina awo a kuntchito Mchewa sangavutike nawo: Komana, katswiri wa sayansi, ndi K-Bongo, Zee, wosewera mpira, ndi Za-Mpezi, Temwe ndi T-Mlilo. Maonekedwe awo anawajambula ndi Malcolm Wope wa ku Cameroon, nyimbo yotsegulira anaimba ndi Sampa the Great, ndipo olemba nkhani onse anali amayi a mu Africa muno. Chimandisangalatsa kwambiri ine n'chakuti gululi limapulumutsa mzinda ndi ndalama zoperewera. Nick Fury ali ndi chisitima cha m'mitambo, Mama K ali ndi mbuzi yake Chomps ndi zipangizo zolumikizalumikiza.

Mlendo angaganize kuti gogo wa ukazitape ku Lusaka n'zongopeka. Wamkulu wa mumzindawo sangaseke. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 Lusaka inali likulu la ANC ya ku South Africa ndi malo a omenyera ufulu wa Zimbabwe, choncho inadzaza ndi akazitape a mbali zonse. Herbert Chitepo, mmodzi mwa atsogoleri a omenyera ufuluwo, anaphedwa ndi bomba lotcheredwa m'galimoto yake ku Chilenje pa 18 March 1975. Mu April 1979 asilikali a Rhodesia analowa mumzindawo usiku n'kuphwasula nyumba ya mtsogoleri wina wa omenyera ufulu, Joshua Nkomo. Boma la chipani chimodzi nalo linali ndi makutu ake m'mabala ndi m'maofesi, amene anthu mpaka lero amawatcha mashushushu, dzina lotsanzira kunong'ona. Amayi a msinkhu wa Mama K amene akugulitsa tomato pa Soweto Market ya mu Lusaka anadutsa m'zaka zimenezo, ndipo si onse amene anali kungogulitsa tomato.

Mdani wamkulu mu Supa Team 4 ndi Lee Magedzee, mwini kampani ya magetsi wooneka waulemu pagulu, ndipo vuto losautsa mzinda ndi kuzimazima kwa magetsi. Apa Mulendema analasa penipeni, pakuti patangotha chaka katuniyo itatuluka, chilala cha 2024 chitachepetsa kwambiri madzi m'nyanja ya Kariba, mabanja ambiri m'Zambia ankakhala mumdima pafupifupi tsiku lathunthu. Chodandaulitsa n'chakuti mwana wa kwa Jumbe kapena kwa Msoro kuti aonere Supa Team 4 pafunika foni yabwino, bandulo yokwanira, ndalama ya Netflix ndi magetsi omwewo. Ambiri amawadziwa Avengers a pa timakanema ta pamsika kuposa atsikana a m'dziko lawo lomwe.

Komabe mwana wa ku Mambwe ali ndi chinthu chimene wa ku New York alibe: nkhani ya mtundu uwu ikuchitikira kuseri kwa nyumba yake. Bomali ndi dziko la Akunda, pansi pa mafumu Nsefu, Kakumbi, Mnkhanya, Jumbe, Malama ndi Msoro. Kutsidya kwa mtsinje wa Luangwa kuli paki ya South Luangwa, ya masikweya kilomita 9,050, imene inakhazikitsidwa mu 1972. Tsidya lino, kumene kumakhala anthu, ndi dera la Lupande, ndipo nyama sizidziwa malire. Ntchito ya alendo odzaona nyama inayamba mu 1950, pamene Norman Carr anagwirizana ndi Mfumu Nsefu kupatula malo ena kuti ndalama za alendo zizipita kwa anthu ake. Nthawi imeneyo njovu zinali zosawerengeka, moti m'zaka za m'ma 1960 boma linkazipha dala kuti zichepe. Malo amene ankachekera nyamayo pafupi ndi mlatho wa Mfuwe mpaka lero amatchedwa Cropping. Kalembera wa pandege wa 1973 anapeza njovu pafupifupi 86,000 m'chigwa cha Luangwa.

Kenaka mtengo wa minyanga unakwera, mtengo wa kopa unagwa, ndipo mfuti za nkhondo za m'maiko oyandikana zinasefukira. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 njovu zambiri zinali zitatha. Chipembere chakuda, chimene chinalipo masauzande, chinatheratu, ndipo mu 1998 Zambia inavomereza kuti ilibenso n'chimodzi chomwe. Zimene zili ku North Luangwa lero zinayamba kubwera pandege kuchokera ku South Africa mu 2003. Amene ankapha nyamazi anali anthu a m'midzi, koma amene ankalemera anali kutali, ndipo msewu wake unadzaonekera mu June 2002, pamene ku Singapore anagwira kontena ya minyanga yolemera matani 6.5. Inapakiridwa ku Lilongwe. Wasayansi Samuel Wasser atapima DNA ya minyangayo anapeza kuti njovu zake zinali za ku Zambia. Skauti woyenda pansi ndi mfuti m'tchire la mitsanya sakanaigwira kontena imeneyo. Panafunika munthu wodziwa amene akugula, amene akunyamula, ndi amene akudinda mapepala pachipata cha m'malire cha Mwami.

Ena anaganiza kuti yankho ndi gulu lachinsinsi longa la m'komiki, ndipo analipangadi. Mu 1987 Prince Bernhard wa ku Netherlands ndi John Hanks, mkulu wa ntchito za bungwe loteteza zachilengedwe la WWF mu Africa amene ali mnyamata anafufuzapo za njovu ku Luangwa konkuno, anagwirizana zoyambitsa ntchito yobisika yotchedwa Operation Lock. Analemba ntchito kampani ya KAS ya David Stirling, amene anayambitsa gulu la asilikali apadera a Britain la SAS. Asilikali opuma a gululo anakhazikika ku South Africa kuti alowerere magulu ozembetsa nyanga za chipembere, akunamizira kukhala ogula. Ndalama zinachokera pa zithunzi ziwiri zamtengo wapatali zimene Bernhard anagulitsa. Zonse za m'buku zinalipo: kalonga wolemera, asilikali olimba, mayina abodza, nyumba zobisalamo. Mapeto ake anali a manyazi. Kuti agwire ntchito m'dziko la tsankho anayenera kudalira akazitape a boma lomwelo, pamene asilikali a boma limenelo, monga inadzatsimikizira komiti ya Jaji Kumleben mu 1996, anali atazembetsa okha minyanga kuchokera ku Angola kwa zaka zambiri. Atolankhani atayamba kuulula, ntchitoyo inagwa pofika 1990 isanagwetse gulu lalikulu lililonse. Palibe nyumba ya malamulo imene inaituma, ndiye panalibenso woti aifunse.

Nkhani ina yowawa ndi ya ku North Luangwa. Mu 1996 kanema wa ABC ku America anaonetsa pulogalamu yonena za ntchito ya Mark ndi Delia Owens yoteteza njovu kumeneko. M'kati mwake munali chithunzi cha munthu woganiziridwa kuti ndi wopha nyama mozemba akuomberedwa mpaka kufa. Nkhope za owombera sizinaonetsedwe. Banja la Owens lakhala likukana kuti silinakhudzidwe, ndipo palibe anazengedwapo mlandu. Dzina la wophedwayo silinadziwike mpaka lero. M'komiki munthu wotere amakhala wa pakona pa tsamba, wopanda dzina, wogwa kuti ngwazi ioneke mphamvu. Uyu anali ndi kwawo, ndipo kunali anthu amene anamudikira.

Zimene zikuchitika ku Mambwe masiku ano n'zosiyana ndi zimenezo pa mfundo imodzi yaikulu: mwini ntchito ndi wodziwika. Mphamvu yomanga munthu ili ndi dipatimenti ya boma yoona za mapaki ndi nyama zakutchire, DNPW, imene inalowa m'malo mwa bungwe la ZAWA mu January 2016, ngakhale kumudzi onse amangotchedwa agemu. Pambali pawo pali maskauti a m'midzi, olembedwa kudzera m'makomiti a zachilengedwe a m'dera la mfumu iliyonse, njira imene inayesedwa koyamba ku Lupande komweku m'zaka za m'ma 1980. Bungwe la Conservation South Luangwa, limene linayamba mu 2003, limathandiza ndi malipiro, ndege yoyendera paki, kuchotsa mawaya pa nyama zokodwa, ndi agalu onunkhiza aja, amene anayamba ntchito mu 2014. Dipatimentiyi ili ndi nthambi ya zofufuza imene anthu ake savala yunifolomu. Wogwidwa amapita kukhoti, ndipo lamulo la nyama zakutchire la 2015 limanena kuti wopezeka ndi minyanga ya njovu akhale m'ndende zaka zosachepera zisanu. Ku Malawi njira yomweyi ya kufufuza mwakachetechete ndi imene inagwetsa Lin Yunhua, amene khoti la ku Lilongwe linamugamula zaka 14 mu 2021 pa mlandu wa nyanga za chipembere.

Pansi pa zonsezi pali munthu wathu uja wa m'minibasi. Akuluakulu anati khoswe wa padenga anaulula wa padzala, ndipo mwambiwu ukunena zoona: woulula amakhala wa m'nyumba momwemo. Amadziwa kuti uje wabwereka gogodera ya amalume ake, kuti awo agula mchere wambiri chonsecho alibe ng'ombe yopha, kuti mawaya a mabuleki a njinga atha pagolosale. Amapita kuseri kwa nkhokwe kapena kudimba, amaimba foni mphindi imodzi, amafufuta nambala. Kangachepe kake kamabwera pambuyo. Ena amachita izi chifukwa nyama zikatha malojinso atseka ndipo mwana wawo amagwira ntchito kumeneko. Ena n'chifukwa cha njala. Ena, tisabise, n'chifukwa cha nsanje, mkangano wa malire a munda kapena wa mkazi, ndipo n'chifukwa chake wofufuza wanzeru sathamangira uthenga wa munthu mmodzi. Black Widow akamaliza ntchito amakwera ndege n'kusintha dzina. Uyu mawa lake amakatunga madzi pamjigo umodzi ndi mkazi wa munthu amene wamumangitsa, ndipo pamaliro amakhala nawo pamphasa imodzi. Akadziwika, nyumba yake ya udzu ili pangozi usiku womwewo. Kulimba mtima kotere sindinakuonepo m'buku lililonse la Marvel.

Nayenso wopha nyama uja sali ngati msilikali wa Hydra wopanda nkhope. Kale mlenje anali munthu wolemekezeka pakati pa Akunda, wodyetsa mudzi, ndipo lamulo ndi limene linamusandutsa chigawenga. Ambiri amene lero akulondola mapazi m'paki anaphunzira luso limenelo kwa atate awo amene ankasaka. Bungwe la COMACO, limene Dale Lewis anayambitsa mu 2003, limalandira mfuti ndi mawaya kwa alenje n'kuwaphunzitsa ulimi wa mpunga, mtedza ndi njuchi, kenaka n'kumagula zokololazo kuti zigulitsidwe ndi dzina la It's Wild! Zikufananako ndi Suicide Squad, wolakwa kusanduka wothandiza, koma m'malo mwa chibangili chophulika pali msika wa mtedza. Mwa njira ziwirizi, ya mtedzayi ndi imene yasonkhanitsa mfuti zenizeni.

Ndiye pali mayi amene njovu zamudyera chimanga chonse usiku umodzi, kapena zagwetsa nkhokwe, kapena zamuphera mwamuna akuchokera kumunda. Kwa iye yunifolomu yobiriwira ija siimveka ngati ya mpulumutsi. Amaona kuti njovu ikaphedwa galimoto imafika tsiku lomwelo, munthu akaphedwa imachedwa. Maskauti ena tsopano amagona m'minda akuthamangitsa njovu ndi mfuti zoponya tsabola, ndipo zathandiza, koma dandaulolo silinathe. Komiki imene ingajambule agemu ngati angelo ndi anthu a m'midzi ngati adani idzakhala Mighty Man wina, ndipo ana a kwa Kakumbi adzaizindikira msanga monga anachitira anzawo a ku Soweto.

Aluso a nkhani m'chigwachi alipo kale. Gulu la zisudzo la SEKA ku Mfuwe lakhala likusewera za anthu ndi nyama pogwiritsa ntchito zigoba ndi matupi awo okha, munthu n'kusanduka njovu kapena nyamalikiti anthu akuona. Makalabu a zachilengedwe a bungwe la Chipembele ali m'masukulu ambiri a m'derali. M'makalasi amenewo muli ana amene amadzaza masamba a kumapeto kwa makope awo ndi zithunzi za Spider-Man, aphunzitsi n'kumawakalipira kuti akuwononga pepala.

Ngati mwana wotero ndi wanu, musamulande kope. Muuzeni kuti Malenga Mulendema anayamba ndi funso lomwe iye ali nalo. Mugulireni pensulo, ndipo ajambule gulu la kwawo: skauti wamkazi ndi galu wake, mlenje wakale amene anapereka gogodera, mayi wa munda wodyedwa uja, ndi bwana wa mumzinda amene dzanja lake silinagwirepo magazi a njovu. Alembe mawu a m'timabaluni m'Chinyanja kapena m'Chikunda, mmene amalankhulira pamjigo. Koma wotsina khutu uja amujambule chakumbuyo, ndipo asamupatse chipsera kapena kayendedwe ka munthu wa m'mudzimo, pakuti ku Mambwe anthu amadziwana.